Dzulo Anali Kapitao, Lelo Ati ndi Kochi

Kwabwela liu latsopano m'malo a nchito muno mu Lusaka, ndipo lafika kale ku Chipata ndi ku Kabwe. Liu lake ndi "coaching". M'masupamaketi, m'mabanki, m'mahotela, m'makampani a mafoni, ngakhale m'mabungwe othandiza anthu, manejala auzidwa kuti aleke kulamula, akhale kochi. Amutumiza ku workshop masiku awili, adya nkhuku ndi mpunga, alandila satifiketi, ajambulitsa chithunzi choika pa Facebook. Pa Mande abwelela ku nchito ali munthu yemwe uja. Tageti ikali pamutu pake, anchito sakwana, foni ya eni kampani ingolila. Chasintha ndi dzina chabe. Kukalipila kumene dzulo tinali kukutcha kukalipila, lelo ati ndi "coaching session".

Ife tikana zimenezi. Ukochi weniweni tiufuna, ndipo tiufuna kwambili. Chimene tikana ndi bodza. Mwini kampani amene afuna kuti manejala wake akhale kochi, koma samupatsa nthawi, samuphunzitsa, ndipo samulola kuika chikwapu pansi olo kwa ola limodzi, anamiza anthu awili pa nthawi imodzi. Anamiza manejala, chifukwa amusenzetsa katundu wopanda nkhata. Anamizanso wachinyamata amene wangoyamba nchito, chifukwa amulonjeza mphunzitsi koma amupatsa woweluza.

Nkhani iyi ndi yathu mbali zonse ziwili. Ambili a ife nchito yoyamba tiipeza titayenda ndi envulopu ya mapepala mpaka nsapato kutha chidendene. Tikailowa, miyezi itatu yoyamba ndiyo igamula ngati tikhala kapena tibwelela ku komboni kukadikila mwayi wina. Amene agamula si mwini kampani, amene mwina sitinamuonepo nkhope yake. Ndi supavaiza amene aima nafe pa kauntala. Ndiye enanso a ife takwezedwa kale, ndife masupavaiza tisanakwanitse zaka 30, ndipo ndife tiuzidwa kuti tikhale makochi. Choncho sitikamba za anthu akutali. Tikamba za mkulu wathu wa pa nchito, ndiponso za mnzathu amene tinali naye pa sukulu.

Tiyambe ndi kumvana tanthauzo, chifukwa liu likabwela ndi ndeke ambili aligwilitsa nchito asanalifunse kwao. Liu lakuti "coach" linachokela ku Kocs, mudzi wa ku Hungary kumene anali kupanga ngolo zokokedwa ndi akavalo. Kochi ndi chonyamulila: chikutenga pamene uli, chikufikitsa pamene ufuna kufika. Amene anathandiza kwambili kulowetsa ganizo limeneli m'maofesi ndi John Whitmore, Mngelezi amene kale anali woyendetsa motoka za mpikisano. Buku lake la mu 1992, Coaching for Performance, linafalitsa njila ya masitepe anayi imene ma workshop ambili aphunzitsa mpaka lelo. Mwachidule, kochi afunsa munthu kumene afuna kufika, pamene ali tsopano, njila zimene zilipo, ndi imene adzatsata, komanso liti. Mayankho achokela kwa wanchito. Kochi agwila nyali chabe.

Tiyelekeze mtsikana wa pa till amene ndalama zake zishota kawilikawili. Kapitao amuuza kuti, "Ukashotanso nikudula pa salale." Nkhani yatha, ndipo mawa adzashotanso, koma tsopano ali ndi mantha. Kochi akhala naye pansi ndi kumufunsa kuti kushotako kuchitika masiku ati, nthawi yanji. Mtsikana aganiza, ndipo azindikila yekha kuti ndi cha m'ma 17 hours, pamene mzele watalika ndipo apeleka chenji uku ayankha kasitomala wotsatila. Akambilana chochita, ayesa sabata imodzi, aonananso. Njila yoyamba itenga masekondi khumi. Yachiwili itenga theka la ola lelo ndi theka lina sabata ya mawa. Pamenepo ndiye pali nkhani yonse.

Sitikamba kuti ukochi ndi fashoni yopanda pake. Kampani ya Google, imene poyamba inali kukayikila ngati mamanejala ali ndi phindu, inayamba kufufuza nkhaniyi mu 2008 pa kafukufuku wotchedwa Project Oxygen. Pa mndandanda wa makhalidwe a manejala wabwino amene anapeza, loyamba linali kukhala kochi wabwino. Eni makampani kuno amva mbali imeneyi ndipo aikonda. Mbali imene samva ndi yakuti Google itapeza zimenezo inakonza maphunzilo a mamanejala ake ndi kufunsa anchito nthawi ndi nthawi mmene mabwana awo achitila. Kuno tatenga chipewa, mutu tausiya komweko.

Vuto loyamba la manejala wathu ndi mmene anafikila pa mpando. Anakwezedwa chifukwa anali wogulitsa kuposa onse, kapena wokonza injini mofulumila, kapena wophika amene makasitomala anali kumufunsa ndi dzina. Palibe anamuyesa ngati adziwa kuphunzitsa. Mu 1969 Laurence Peter, mphunzitsi wa ku Canada, anatulutsa buku lotchedwa The Peter Principle lofotokoza zomwezi: munthu akwezedwa chifukwa chochita bwino nchito imene ali nayo, mpaka afika pa nchito imene saikwanitsa. Kampani itaya wogulitsa wabwino, ipeza manejala wosokonezeka. Munthu wotele akaona wachinyamata achedwa ndi nchito imene iye angaithe m'mphindi zitatu, manja amuyabwa. Tonse tawamvapo mau aja: "Choka apo, nichite neka."

A bola akumbuka. Kalusha Bwalya, amene anasankhidwa kukhala katswili wa mpila mu Africa mu 1988, chaka chimene anagoletsa zigoli zitatu pamene tinakwapula Italy 4–0 pa ma Olympics, anadzakhala kochi wa Chipolopolo. Mu 2004, pa masewela ndi Liberia, zinthu zitakana, analowa yekha m'bwalo ali ndi zaka 41, namenya filikiki imene inatipatsa chipambano. Tinavina, ndipo mpake. Koma zimenezo ndi za Kalu, ndipo ndi za tsiku limodzi. Manejala wathu alowa m'bwalo tsiku lililonse. Alanda foni kwa wanchito kuti akambe yekha ndi kasitomala, alembanso lipoti usiku, atsegula shopu ndiye atsekanso. Zigoli zilowa, eni kampani akondwa, koma pa benchi palibe amene akula. Tsiku limene adwala malungo, shopu yonse idwala naye.

Yang'anani tsopano Hervé Renard. Monga wosewela sanafike kutali. Ukochi anauphunzila pansi pa Claude Le Roy, akumuthandizila, kuphatikizapo pa timu ya Ghana. Pa 12 February 2012 ku Libreville, pamene Stoppila Sunzu anali kuyenda kukamenya penoti imene inamaliza Ivory Coast 8–7, Renard anangoima kunja kwa mzele ndi shati yake yoyela. Sakanatha kumumenyela. Nchito yake inali itachitika kale m'masabata a m'mbuyo, pa bwalo la maphunzilo pamene panalibe makamela. Kusewela ndi luso lina, kuphunzitsa ndi luso lina. Ndiye chifukwa chake a CAF ndi a FAZ ali ndi malaisensi a ukochi okwela mwa masitepe, kuchokela pa D kufika pa A, ndipo olo unali katswili wotani uyenela kukhala m'kalasi. Nanga bwanji pa nchito tiganiza kuti masiku awili mu hotela akwana?

Vuto lachiwili ndi nthawi, ndipo apa bola itiphunzitsanso kanthu kamene eni makampani safuna kumva. Timu ichita maphunzilo kuyambila pa Mande mpaka pa Chisanu kuti ikasewele mphindi 90 kumapeto kwa sabata. Wa pa till asewela fainolo kuyambila potsegula mpaka potseka, masiku asanu ndi limodzi, popanda tsiku la maphunzilo olo limodzi. Tiyeni tiwelenge. Supavaiza ali ndi anthu 20. Akapatsa aliyense theka la ola pa sabata, ndi maola 10. Tsiku la nchito ndi maola 8. Ndiye kuti ukochi udya tsiku lathunthu ndi kachidutswa sabata iliyonse. Ndani anachotsa maola amenewo pa tageti yake? Ndani anabweletsa munthu woima pa kauntala pamene awiliwo akambilana? Palibe. Amuuza chabe kuti "upeze nthawi", ngati nthawi itoledwa pa msewu.

Chotsatila chake tichidziwa. Ukochi uchitikila pa khomo, wina atanyamula kale chikwama athamangila minibasi. Kapena uchitikila pa gulupu ya WhatsApp pa 21 hours, ndi zilembo zikuluzikulu. Kapena suchitika konse, koma kumapeto kwa mwezi mafomu adzazidwa ndi kusainidwa kuti akuluakulu aone kuti pulogalamu iyenda. Manejala asanduka wabodza asanafune, ndipo wanchito aphunzila chinthu chimodzi chabe: kusaina zimene sizinachitike.

Vuto lachitatu ndiye lalikulu, ndipo m'ma workshop alidumpha. Kuti ukochi ugwile, wanchito ayenela kuulula pamene alephela. Ayenela kunena kuti, "Abwana, system iyi siniimvetsa," kapena kuti, "Kasitomala akakweza mau nimasokonezeka." Koma amene auzidwa zimenezi ndi yemwe uja adzadzaza fomu yopimila nchito, yemwe uja adzauza a HR ngati kontilakiti ipitilile. Ndani wa nzelu zake aonetsa bala lake kwa munthu wonyamula mchele? Wachinyamata angomwetulila ndi kunena kuti zonse zili bwino. Manejala nayenso ali pa mpanipani. Akamva chofooka cha munthu m'mawa monga kochi, masana eni kampani amufunsa kuti pa anthu ake achotsedwe ndani. Akabisa zimene adziwa, wanamiza omulemba nchito. Akaulula, wagulitsa amene anamukhulupilila. Mapanga awili avumbwitsa.

Lamulo lenilenilo lili ndi mau pa nkhaniyi. Employment Code Act ya mu 2019 inena kuti nthawi yoyesedwa pa nchito isapitilile miyezi itatu, ngakhale kuti ingaonjezeledwe ndi miyezi ina itatu, ndipo wolemba nchito ayenela kupima wanchito ndi kumuuza zotsatila. Inenanso kuti munthu sachotsedwa nchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho ndi khalidwe kapena kagwilidwe ka nchito, ayenela kupatsidwa mpata wodziyankhila. Lamulo ndi labwino. Koma onani mmene ochenjela alizungulila. Popeza afunika umboni, "coaching form" yasanduka mboni. Akuitana kuti akuthandize, usaina pansi, ndipo pakapita miyezi iwili pepala lomwelo lituluka m'faelo kusonyeza kuti unachenjezedwa katatu. Wachinyamata mmodzi zikamuchitikila, shopu yonse iphunzilapo, ndipo kuchokela tsiku limenelo palibe adzanenanso zoona m'chipinda chija.

Makolo athu nkhani iyi anaidziwa kale popanda satifiketi. Mtsikana akatha msinkhu, si amai ake omubala amene amulangiza. Aitana anamkungwi. Achinyamata akafuna kulowa m'banja apita kwa alangizi, ndipo banja likagwedezeka pali ankhoswe. Mwana zakukhosi anena kwa ambuye ake, osati kwa atate ake amene asunga mkwapulo kuseli kwa chitseko. Anaona kuti munthu samasuka pamaso pa amene ali ndi mphamvu yomulanga, ndiye analekanitsa maudindo. Ife lelo taunjika unamkungwi, upolisi ndi uweluzi pa mutu wa supavaiza mmodzi wolandila salale yongokwana lendi ndi thumba la unga, ndiye tidabwa kuti bwanji sizigwila.

Vuto lachinayi ndi ulemu wathu womwewu. Tinaleledwa kuti wamkulu akakamba uwelamitsa mutu. Ndiye manejala abwela ku workshop ndi funso lake latsopano: "Iwe uganiza tichite bwanji?" Wachinyamata aona msampha. Ayankha, "Mmene mwaonela imwe, abwana." Afunsanso, yankho ndi lomwelo. Pa funso lachitatu manejala watopa, abwelela ku kulamula, ndipo onse awili apumila m'mwamba. Kumbali ina, manejala akamafunsa mafunso, kumbuyo kuyamba manong'onong'o akuti abwana atsopanowa nchito saidziwa. Chithunzi cha bwana chimene tili nacho m'mutu ndi cha kapitao wa pa mugodi ndi pa famu m'masiku a atsamunda, munthu woikidwa pakati kuti akuwe m'malo mwa mzungu. Atsamunda anapita mu 1964, koma mau a kapitao anatsala m'makosi mwathu.

Taganizilaninso mtsikana wa zaka 28 amene waikidwa kuyang'anila dalaivala wa zaka 55, munthu amene pa msewu angamutche atate. Buku la Whitmore silimuuza kuti ayambe bwanji kufunsa bambo wotele za kuchedwa kwake popanda kuoneka wamwano. Akalankhula mofatsa ati ndi wofooka. Akalimbitsa mau ati ndi wodzikuza, sanalangidwe. Palinso nkhani imene tiyenela kuitchula poyela. Ukochi ufuna anthu awili kukhala paokha. Pamene mmodzi ndi mwamuna wogwila kontilakiti m'manja, winayo ndi mtsikana amene kunyumba adalila salale yake, chitseko chotseka si chinthu chaching'ono. Alongo athu adziwa zimene tikamba. Kampani imene ilamula misonkhano ya awiliawili osaganizila za malo ochitila ndi kokadandaula yatsegulila afisi khola, ndipo yaikanso pa chikayikilo manejala wolungama amene alibe maganizo oipa.

Vuto lachisanu ndi mantha, ndipo si mantha opusa. Mu galaji, fundi akafika pa mbali yovuta ya injini atuma mnyamata wake kukagula talk time. Akabwela apeza motoka ilila kale. Timuseka fundi ameneyu, koma iye adziwa kuti mnyamatayo akadziwa zonse adzatsegula galaji yake tsidya la msewu ndi kutenga makasitomala. Manejala wa mu ofesi ali ndi masamu omwewo. Ali pa kontilakiti ya chaka chimodzi kapena ziwili. Pansi pake pali mnyamata wa digili amene angavomele theka la salale yake. Ndiye mumuuza kuti amuphunzitse zonse zimene adziwa? Mwamulonjeza chani akatelo? Pa fomu yake yopimila nchito pali malonda, pali ndalama zimene wapulumutsa, pali katundu wosowa. Mzele wofunsa kuti ndi anthu angati amene wakuza palibe. Munthu achita zimene alipilidwa. Ngati kukuza ena kulibe mphotho koma kuli ndi chiopsezo, adzabisa nzelu zake ngati mbeu ya chilala.

Tidziwa zimene eni nchito adzayankha. Adzati ndalama kulibe, malaiti avuta, mafuta akwela, bizinesi ingopumila pa mpweya. Zoona, zinthu n'zolimba, ndipo sitikamba ndi amai a kantemba amene asewenza ndi mwana wa mlongo wao. Tikamba ndi amene ali ndi ndalama yotengela madailekitala ku Siavonga kapena ku Livingstone kukakambilana za utsogoleli m'mbali mwa madzi, pamene supavaiza amene akumana ndi anchito tsiku lililonse sanaphunzitsidwepo kanthu chiyambile. Maphunzilo akwela m'mwamba ngati utsi, pansi pamene pali moto safikapo. Ndiponso kuyambila mu 2017 olemba nchito ambili alipila Skills Development Levy, 0.5 peresenti ya malipilo onse a anchito, kudzela ku ZRA, kuti ithandize maphunzilo a luso. Ngati dziko livomeleza kuti kuwotchelela zitsulo ndi kuika mawaya a malaiti ndi luso lofuna maphunzilo, kuyang'anila anthu nakonso ndi luso. A TEVETA ndi mabungwe a olemba nchito aikepo mtima pa masupavaiza a pansi, chifukwa ndiwo aphunzitsi enieni a achinyamata amene alowa nchito.

Za kusowa ndalama tizidziwa bwino ife odzipeleka pa mawailesi a m'madela. Kumeneko mkulu wa siteshoni ndiye asakila otsatsa malonda, ndiye athamangila mafuta a jenileta, nthawi zina ndiye awelenganso nkhani. Wachinyamata amene abwela kudzathandiza salandila salale. Chimene atenga ndi luso: kugwila maikolofoni, kufunsa khansala funso lolunjika, kudula mau pa kompyuta. Pamalo otele kuphunzitsa ndiye malipilo. Mkulu amene apeza mphindi 20 pulogalamu itatha, kumvetselanso zojambulidwa pamodzi ndi mnyamatayo ndi kumufunsa kuti akanasintha pati, asunga anthu ake zaka. Amene angokuwa pa windo la studio atsala yekha ndi jenileta. Palibe ngwee imene yasiyanitsa awiliwa. Wina anaika nthawiyo pambali, ndipo amene ali pamwamba pake anamulola.

Ena adzati, "Ife tinaphunzila nchito ndi kutukwanidwa, ndipo tili bwino." Muli bwino imwe amene munatsala. Welengani amene munayamba nao. Angati anachoka mwezi wachiwili ali ndi luso limene palibe analiona? Angati mpaka lelo athawa nchito yolembedwa chifukwa cha bwana mmodzi? Opulumuka pa ngozi ya bwato sangatiuze kuti mtsinje ndi wabwino. Ndipo kampani ilipila pa aliyense wochoka: kulengezanso malo, kufunsanso mafunso, yunifomu ina, miyezi ina itatu ya munthu wosadziwa kumene kukhala katundu. Ndalama imeneyo siioneka pa lipoti chifukwa palibe aiwelenga.

Enanso adzati achinyamata a masiku ano safuna kuphunzila, maso ali pa TikTok. Alipo otelo, monga analiko m'mibadwo yonse. Kwa anzathu amene mwapeza mkulu wofunadi kukuphunzitsani, mau athu ndi awa: musamuonongele mtima. Akakufunsani maganizo anu, yankhani. Pitani kwa iye mutayesako kale, mutanyamula njila ziwili, osati manja lende kudikila kuuzidwa. Chimene simunamve funsani pomwepo, chifukwa safunsa anadya phula. Ngolo inyamula munthu amene wakwela. Koma ulesi wa ena usakhale chobisalapo cha kampani imene sinayesepo kuchita mbali yake.

Tsono tifuna chani? Zinthu zake si zodula. Ola la ukochi lilembedwe pa timetable monga mmene ilembedwela nthawi yowelenga stock, ndipo tageti ya manejala itsike molingana ndi maola amenewo. Manejala aphunzitsidwe kwa miyezi, pang'onopang'ono, akuyesa pa nchito ndi kubwelela kukafunsa, ndipo nayenso akhale ndi womumvetsela, monga Renard anali ndi Le Roy. Simungapemphe munthu kupeleka chimene iye sanalandilepo. Ngati amene ali pamwamba pake amutukwana pa foni m'mawa uliwonse, masana adzatsitsa zomwezo kwa ife, chifukwa madzi atsata kotsetseleka.

Kukambilana kophunzitsa kulekanitsidwe ndi kukambilana kolanga. Wanchito auzidwe poyamba kuti msonkhano uno ndi uti. Zokambidwa pophunzitsa zisalowe m'faelo, ndipo chenjezo likhale ndi pepala lake ndi dzina lake. Pamene zitheka, tengelani nzelu ya anamkungwi: supavaiza wa chigawo china aphunzitse anthu a chigawo chino, wa kuno aphunzitse a uko, kuti wophunzitsa asakhale wosaina kontilakiti. Misonkhano ichitikile pamalo oonekela, ndipo pakhale munthu wina wokadandaulako. Pomaliza, pa fomu ya manejala pakhale mzele uja wosowa. Amene wakuza anthu atatu mpaka akwezedwa, nayenso akwezedwe, kuti masupavaiza ena aone kuti kuphunzitsa sikudzikumbila dzenje.

Kwa imwe anzathu amene mwapatsidwa mpando ndi dzina la kochi popanda zonsezi, musadzione olephela pamene zikukanikani. Katunduyo anamangidwa molakwika. Bwelelani kwa amene anakutumani mukafunse maola, mukafunse maphunzilo, mukafunse kuti zimene mumva kwa anthu anu zidzagwilitsidwa nchito bwanji. Ngati ayankha kuti zonsezo sizitheka, ndi bwino kunena zoona kwa anthu anu kuti ndinu woyang'anila chabe. Kapitao woona mtima tingasewenze naye, chifukwa tidziwa poima. Amene ationonga ndi wovala jezi ya kochi chikwapu chili m'thumba.

Ndipo ife a pansi, tsiku limene adzatiitana kuti tibwele ku "coaching", tikhale pa mpando mwaulemu, tipeleke moni, ndiye tifunse funso limodzi tisanatsegule mtima: "Abwana, zimene tikambe pano zilowa m'faelo?" Mmene adzayankhile, tidzadziwa amene takhala naye.